Chitseko Chimene Chinakana Vanishi

Amayi anga,

Kumene muliko kukucha bwanji? Kuno ku Bangwe tilipo, kungoti chiperoni cha chaka chino chalowa mpaka m'mawondo. Ndikudziwa kuti pepala simunkaliwerenga. Inenso pakhomo pa sukulu sindinapondepo, zilembo mukuzionazi ndinachita kutola pa matumba a simenti ndi m'buku la nyimbo za kutchalitchi, ndipo palibe mphunzitsi amene anganene kuti anandigwira dzanja. Koma a katekisiti aja, a Jowakimu, anakutsatirani mvula yathayi, ndiye muwafunefune akuwerengereni. Muwauze awerenge modekha, asathamange ngati mmene ankathamangira ndi kolona.

Papita zaka zisanu chikuikireni, ndipo mbumba yanu ikuchulukabe. Mkazi wa Antonyo, mwana wanga woyamba uja, anachira mu Epulo. Ndi mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu, Nasitaziya. Chipumi ndi chanu, ndipo akalira salira ngati wopempha, amalira ngati wolamula. Kumudzi mapira anachita bwino kumunda wakumtunda, koma thonje mbozi zinalimaliza. Mpongozi wanu akumuvuta matenda a shuga. Kuchipatala anamuletsa tiyi wotsekemera, iye amavomera pamaso pa adokotala, koma ndinapeza kabotolo ka shuga kobisika kuseri kwa mphika wa nyemba. Ineyo mano awiri achoka, ndipo pamakwerero a zomangamanga ndinatsika. Ndimangolandira tintchito ta makhonde ndi masitepe.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi chitseko chanu. Ndinachichotsa kumudzi, ndinachidula, ndipo pano tikudyerapo. Musakwiye musanamve zonse.

Mukumukumbukira Rozina, chitsirizira changa, amene munkamuti kachiwala chifukwa cha timiyendo? Pano ndi mphunzitsi, akukhala ku Chilomoni. Mu Meyi anabwera kudzatiuza kuti wapeza mwamuna, dzina lake Lukasi, ndipo abale ake akufuna kudzaonekera. Ine mtima unayera. Ndinayamba kale kuona pamene tidzayale mphasa. Kenako mwanayo anayang'ana pansi.

"Ababa, timaganiza kuti alendowo tikawalandirire ku Naperi, kwa anti."

Anti akewo ndi mng'ono wa mpongozi wanu, uja anakwatiwa ndi mkulu wa muofesi.

"Ku Naperi kuli bambo ako ena?" ndinamufunsa.

"Ayi Ababa, kungoti kumeneko kuli malo. Kuli tebulo lagalasi, mipando. Anthu ake aja ndi a patebulo."

"Nanga iwe unakulira pa chiyani?"

Amayi, inu mukudziwa kuti kwathu mwana wamkazi amafunsiridwa pakhomo pa bambo ake. Zikanachitikira kwa mlamu wanga, mpaka tsiku lolowa m'manda anthu akanamanena kuti Zuze anabereka koma analibe pokhazika alendo. Ine amene ndamangira anthu nyumba zosanja m'tauni muno, yanga ilephere kulandira anthu asanu? Komanso chimene chinandiwawa kwambiri si anthu ayi. Ndi maso a mwana wanga, mmene ankazembera makoma amene ndinawamanga ndi manja anga.

Ndinamuuza kuti tebulo lidzakhalapo, ndipo alendo adzabwera kuno. Antonyo atamva anati akagula la m'sitolo ku Limbe. Ndinamuuza kuti akagula akadyerepo yekha kwake. Munkanena kuti mutu wangawu ukagunda khoma, lolira ndi khomalo. Sunafewebe.

Miyendo sinavute. Tinali ndi bedi lakale lachitsulo, wowotcherera zitsulo wa pamsika anadula ndi kulumikiza, zinatheka tsiku limodzi. Vuto linali pamwamba pake. Pamenepa ndi pamene akulowera Che Yusufu, neba wanga, kalipentala wachisilamu amene takhala tikutsutsana pampanda zaka makumi atatu. Atamva nkhaniyi anabwera ndi pensulo kukhutu.

"A Zuze, njira zilipo zambiri. Gulani bulokubodi, timate fomaika, masiku awiri zatha."

"Zija zimafufuma zikangolawa madzi? Ayi."

"Ndiye matabwa a paini."

"Aawisi aja, akauma n'kupindika ngati bwato?"

"Mapaleti a ku Limbe. Anthu akupangira mipando yokongola."

"Alendo anga adyere pa zinthu zimene ankasanjikapo feteleza?"

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso. "Ndiye mukawadyetsere pamsana panu, ndi potakasuka."

Ine ndi mmisiri wa simenti, ndiye ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinakhoma bokosi pansi, ndinayala waya wa khola la nkhuku, ndinathira konkire, pamwamba ndinandandalika zidutswa za matailosi zimene ndakhala ndikutola m'ntchito zanga. Zobiriwira, zoyera, zina za maluwa. Amayi, chinakongola chinthu chimenecho, anthu ankaima pamsewu. Chitauma tinachinyamula amuna anayi mitsempha ili gwa, n'kuchikhazika pa miyendo ija. Miyendoyo inayamba kutangadza pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikamamwa madzi pa Shire, mpaka chonsecho chinakhala pansi.

Che Yusufu anasuzumira pampanda. "A Zuze, mwaumba tebulo kapena chiliza chanu?"

Sindinamulankhule masiku atatu. Pano mpongozi wanu akuchapirapo zovala, akuti ndi mphatso yokhayo yanzeru imene ndamupatsa chikwatirane.

Kumapeto kwa Juni ndinatsikira kumudzi kukauza mlongo wanga Firimina za Rozina, poti nkhani zotere sititumiza pafoni. Ndinapita kukaona nyumba yanu. Khoma lakumbuyo linagwa ndi mvula, denga chiswe chinadya, mphuthu za pakhomo zangotsala fumbi. Koma chitseko panalibe. Ndinakachipeza kukhola la mbuzi, Firimina atatsekera pakhomo, chitamangidwa ndi luzi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Chitseko chija abambo anacheka okha mlombwa kuphiri, matabwa atatu, ine ndisanabadwe. Madzi osefukira analowa m'nyumba mwanu kawiri, icho osapindika. Chiswe chinadya zonse zozungulira, icho osachilawa. Ndinachigogoda ndi chala, chinayankha ngati ng'oma. Ndinachiyesa ndi mkono, ndinaona kuti anthu asanu ndi mmodzi akhoza kukhala mozungulira.

"Ichi ndikupita nacho ku Blantyre," ndinatero.

"Achimwene, mukadyera pa chitseko cha malemu? Simukuopa?"

"Iwe mbuzi zako zikuchikanda ndi nyanga m'mawa ndi madzulo, malemuwo sukuwaopa?"

"Mbuzi sizidziwa kanthu. Inu mukudziwa."

Mawu amenewo anandilowa, sindikana. N'chifukwa chake ndisanachimasule ndinapita kumanda kwanu kukakuuzani. Kaya munamva, kunali mphepo tsiku limenelo. Firimina ndinamumangira chotsekera cha mitengo, cholimba, kuti asadzanene kuti ndinasiya mbuzi zake pamtetete. Chitsekocho chinakwera mtunda wa ku Chikwawa chili pamwamba pa matola, ine nditagwira chingwe njira yonse. Kondakitala anandifunsa kuti, "Madala, nyumbayo mwaisiya yosatseka?" Ndinamuuza kuti mwini wake anasamukira kumene kulibe akuba.

Kunyumba ndinachitsuka ndi sopo ndi mchenga. Ndinachotsa mahinjesi. Kumunsi kwake, kumene kunkakhudza ndowe, ndinadulako chikhatho chimodzi. Pamenepo ndiye ndikupepesa, Amayi, sowo inkalira m'mimba mwanga. Che Yusufu, titayambanso kulankhulana, anandibwereka puleni yake. Anafuna kundithandiza, ndinakana. Nditangopala kamodzi, pansi pa kuda kuja panatuluka kufiira kokhala ndi mizere, ngati nyama ya ng'ombe yonona. Che Yusufu anangoti kukamwa yasa. Anati thabwa lotere analiona komaliza ali mnyamata.

Bowo lija munkapisamo tcheni potseka ndinalisiya. Mpongozi wanu anati nditseke ndi kamtengo kuti anthu asadziwe kuti chinali chitseko. Ndinati amene akufuna kudziwa adziwe. Ndinamanga thabwalo pa miyendo yatsopano ndi mabawuti, silinagwedere ngakhale pang'ono.

Kunatsala kuwalitsa. Alendo anali oti abwera Loweruka, ine ndinagula chitini cha vanishi Lolemba. Che Yusufu anati, "Yambani mwayesa kunsi, pakangodya. Ndipo muzipaka mopyapyala, kuuma, kupakanso." Ndinamuuza kuti ndakhala ndikupaka makoma iye akuyamwa. Ndinathira vanishiyo pakati n'kumufalitsa ndi chiguduli, mokhuthala, mmene inu munkazirira pansi m'nyumba. Anawala ngati madzi. Ndinagona ngati mfumu.

Lachiwiri ndinagusa ndi chala, chala chinamata. Ndinati ndi chiperoni. Lachitatu ndinaika mbaula ziwiri pansi pake, nyumba yonse fungo, mpongozi wanu akutsokomola ndi kunditukwana chamumtima. Lachinayi vanishi anali ngati uchi. Ntchentche zinali zitamatirira miyendo m'mwamba, ndipo nkhuku ina inalowa n'kuyendapo, inasiya mapazi ndi nthenga kuchokera uku mpaka uko.

Masana a tsiku lomwelo Rozina anafika ndi mbale zatsopano. Asanaone bwino anaika chikwama chake patebulo. Pochinyamula chinatuluka ndi ulusi wa vanishi ngati therere. Anayang'ana tebulo, anayang'ana nthenga zija, anayang'ana ine. Akanakalipa zikanakhala bwino. Koma analankhula mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala.

"Ababa, mwayesetsa. Anti ndinawauza kale kuti akhale okonzeka. Ndingowaimbira kuti tikubwera."

Amayi, ndakalamba, ndaikapo anthu ambiri m'manda, koma mawu akuti "mwayesetsa" ochokera kwa mwana wako amapweteka mwa mtundu wina. Ndinatuluka, ndinapita pampanda, ndinaitana Che Yusufu ndi pakamwa panga. Ndikhulupirira kumeneko munamva kugwa kwa mtima wanga.

Anabwera osaseka, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anatenga tchizulo, anapala vanishi pangodya mpaka kufika pathabwa, anasenda kachidutswa kopyapyala n'kukanunkhiza. Anakapsinya pakati pa zala. Ananunkhizanso.

"A Zuze, chiperoni musachinamizire. Thabwa ili ndi lokhuta mafuta mpaka mkati. Vanishi sangaume pamenepa ngakhale mudikire mpaka Khirisimasi yanu. Ndani ankalidzoza?"

Ndinakhala pansi. Zonse zinabwera nthawi imodzi. Chaka chilichonse tikamaliza kukolola, inu munkathyola nsatsi kuseri kwa nkhokwe, kukazinga, kusinja, kuwiritsa mumphika wakuda uja umene munkatiletsa kuukhudza, n'kuyengula mafuta ndi chikombe. Oyamba munkadzoza ife ana. Otsala munkatenga kansanza, n'kupaka chitseko mkati ndi kunja, m'mbali, mpaka pamwamba pamene palibe amene amaonapo, mutakwera pamtondo. Abambo ankaseka kuti m'nyumba muno chitseko chimadzola kuposa mwamuna. Inu munkayankha kuti, "Mwamuna ali ndi manja, adzole yekha. Ichi chimatilondera tikagona, ndipo sichipempha kanthu." Ife tinkaona ngati ndi zocheza za amayi. Munachita zimenezo zaka zoposa makumi asanu, mpaka chaka chimene miyendo inakukanani.

Ndiye taonani. Chiswe chinalephera chifukwa cha inu. Madzi analephera chifukwa cha inu. Ndipo vanishi wa m'sitolo, wa chizungu cholembedwa mbali zonse za chitini, analepheranso chifukwa cha inu. Munthu woti simunagwirepo puleni kapena tepi, munadziwa kusunga thabwa kuposa ife amisiri awiri tili chiimire pamenepo.

"Tichite bwanji tsono?" ndinafunsa.

"Palani yense achoke. Mukatero mulipatse chimene linazolowera."

Rozina nthawi yonseyi anali ataima pakhomo, foni m'manja. Anabwera, anatola kachidutswa kaja pansi, anakanunkhiza. Mukukumbuka chaka chimene anatuluka zilonda thupi lonse, mankhwala a kuchipatala atakanika, tinamutumiza kwa inu miyezi itatu? Anabwerako khungu lili see, akununkha nsatsi mpaka anzake kusukulu ankamuseka. Anaima ndi kachidutswako pamphuno nthawi yaitali.

"Ndi fungo la m'manja mwa agogo," anatero.

Anaika foni pawindo. Anavula wotchi, anabwereka chitenje kwa mayi ake, n'kufunsa Che Yusufu kuti popala amagwiritsa chiyani. Iye anaswa botolo pamwala, anasankha zidutswa zowongoka, anamuonetsa kagwiridwe kake.

Tinapala Lachinayi mpaka dzuwa kulowa, Lachisanu tinayambira m'mawa. Ine uku, Rozina uko, mayi ake akupukuta ndi palafini. Vanishi wosauma ndi chinthu choipa, amamata m'zala, m'tsitsi, paliponse. Mwana uja anadzicheka kawiri, anangomanga kansalu n'kupitiriza. Zikhadabo zimene anakonzetsa chifukwa cha alendo zinatha zonse. Ndinkamuyang'ana chakumbali mmene ankaweramira, mlomo wakumunsi ataluma, ndinaona inu mukupala chinangwa. Za ku Naperi sanatchule, inenso sindinafunse. Ndinkaopa yankho.

Che Yusufu anapita ku mzikiti masana, pobwera anadzera mumsika wa Limbe kwa amayi ogulitsa zitsamba, anabwera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi. Tinatsuka thabwalo, tinalikwecha ndi sandipepa, linauma. Ndinatenga kansanza, koma Rozina anatambasula dzanja, ndinamupatsa. Atangopaka, thabwalo linamwa mafutawo ngati munthu wochokera kumunda. Kufiira kuja kunabwerera, osati kowala ngati galasi, koma kofatsa, kochokera mkati. Atamaliza anasamba m'manja, anatenga foni ija.

"Anti, mawa mubwere ndi mipando isanu ndi umodzi. Eya, ku Bangwe."

Loweruka anti akewo anafika ndi mipando pa galimoto, ndi nsalu yoyera ya patebulo yoluka m'mbali. Anafuna kuyala, koma atagusa thabwalo anaona kuti mafuta angaidetse, anaipindanso msangamsanga. Choncho tebulo linakhala losavala.

Alendo anabwera asanu, Lukasi ali mmodzi mwa iwo. Wotsogolera anali malume ake a Lukasi, mkulu wa tayi ndi magalasi, wolankhula Chichewa chothira chizungu ngati mchere. Nkhani zinayenda mwa mwambo wake, ankhoswe analankhula, ife tinayankha. Itakwana nthawi ya chakudya, Rozina analowa ndi beseni ndi jagi, anagwada kuti awasambitse m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti chala cha mkuluyo chitapeza bowo la tcheni lija. Anachipisa, anachitulutsa, anayang'ana m'mbali mmene munali zipsera za mahinjesi.

"Pepani bambo, kodi ichi si chitseko?"

Anti aja anayang'ana kudenga. Mpongozi wanu anayang'ana ine, podziwa kuti ndikatsegula pakamwa ukwati ukhoza kuthera pomwepo, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza kukhosi. Koma Rozina, amene mwa mwambo sankayenera kulankhula pamenepo, anayankha ali chigwadire, jagi m'manja, maso osagwetsa.

"Ndi chitseko cha agogo anga, cha kumudzi. Anachisamala okha moyo wawo wonse. Tebuloli apanga ndi ababa, ine ndinawathandiza kupala."

Anatambasula dzanja lija la kansalu kuti athire madzi, osalibisa.

Mkulu uja anasisita thabwalo ndi chikhatho, ananunkhiza chikhathocho, anavula magalasi. Anati mayi ake nawonso ankayenga nsatsi, ndipo anali ataiwala fungo lake. Kenako anatembenukira kwa Lukasi n'kumuuza kuti, "Mphwanga, kuno usadzabwere ndi zinthu zonyezimira pamwamba, adzakupala." Anthu anaseka, ndipo anadya mpaka kupempha ndiwo zina. Ukwati ndi wa mu Okutobala.

Ine sindinadye kwambiri. Ndinali nditakhuta kale ndi mawu a mwana uja.

Che Yusufu ananena zoona pa zonse, kuyambira pa simenti mpaka poyesa kunsi. Sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Ndinangomutumizira ntchafu ya mbuzi imene anazinga yekha m'mawa wa tsikulo kuti nayenso adye nawo.

Tsono Amayi, mlandu wanga ndi umenewo. Ndinadula chitseko chanu chikhatho chimodzi, ndinachiboola malo anayi, ndinachipaka zinthu zimene sichinazifune. Ngati mwakwiya, mundikalipire ine ndikadzafika, osati Firimina, iye analetsa. Koma dziwani kuti nyumba yanga inalandira alendo a mwana wanga, ndipo mwanayo anatchula dzina langa pamaso pawo mutu uli m'mwamba. Ndi manja anga okha sizikanatheka. Munagwira ntchitoyi ndinu, kalekale, mutakwera pamtondo.

Ndamuuza Firimina andisungire nsatsi za kuseri kwa nkhokwe, zikadalipo, zimamera zokha. Za mumsika sindikuzikhulupirira. Ndidzakazinga ndekha, ndidzasinja ndekha, anthu a m'Bangwe aseke mmene angathere poona nkhalamba yamwamuna ili pamtondo. Chaka chilichonse anthu akakolola ndidzalidzoza, pamwamba, m'mbali, ndi kunsi komwe kumene palibe amene amaonako. Mawondo akadzakana kugwada, wogwira kansanza alipo kale.

Mupereke moni kwa abambo. Muwauze kuti mlombwa wawo ukadali wowongoka.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,

Zuze